Dzino lakuda ndi masiki ya mphunzitsi: nkhani ya wodwala wa zaka 22

Nkhaniyi ndailembera anzanga a ntchito ya mano m'zipatala za m'maboma, makamaka ife ma dental therapist amene tsiku lathu limayamba ndi kuzula n'kutha ndi kuzula. Wodwalayo anandilola kuti ndiilembe, koma dzina lake, sukulu yake ndi chipatala chathu sinditchula. Ndinamuona koyamba mu Okutobala 2023, komaliza mu Disembala 2024. Matenda ake si achilendo, aliyense wa ife amakumana nawo sabata iliyonse. Chandilembetsa n'chakuti pa ulendo woyamba ndinachiza dzino limene linkapweteka n'kumubweza ndi vuto limene linkamudya moyo, chikhalirecho vutolo ndinali nditaliona ndi maso angawa.

Ulendo woyamba

Linali Lolemba m'mawa, pabenchi pali anthu oposa 40, ife tili awiri tikulandizana mpando umodzi. Analowa mtsikana wa zaka 22, wophunzira pa koleji ya aphunzitsi, amene nthawi imeneyo anali pa TP (nthawi yoyeserera kuphunzitsa) pasukulu ina ya pulayimale ya kumudzi, makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa boma. Anavala masiki ya buluu ija ya nthawi ya Covid. Sindinaganizepo kanthu, ndinkangoti akubisa tsaya lotupalo.

Dzino lotafunira la m'munsi kumanzere linali litamuvutitsa mwa apo ndi apo kwa miyezi inayi, koma masiku anayi omalizawo tulo sanatione. Anali atamwa amoxicillin wogula pa golosale maulendo awiri, makapusozi asanu ndi limodzi ulendo uliwonse, ululu ukangochepa n'kusiya. Usiku wa Loweruka anaika asipirini padzinopo n'kugona naye, moti nkhama ndi mkati mwa tsaya munali mutayera, mutapsa ndi mankhwalawo.

Kutentha kwa thupi kunali 37.9. Ankayasamula mpaka zala ziwiri ndi theka, pansi pa lilime panali pofewa, malovu akumeza bwinobwino, kupuma kulibe vuto. Zimenezi ndimayamba ndaziona kaye kwa aliyense wotupa nsagwada ya m'munsi, chifukwa chotupa chikalowera pansi pa lilime mbali zonse ziwiri, nkhaniyo imachoka pampando wathu n'kupita ku theatre. Dzino lopwetekalo, limene pa manambala athu a mano timalitcha 36, linali litaphwasuka, kutsala khoma limodzi, likugwedera pang'ono, ndipo nditaligogoda anadzidzimuka.

Ndinalizula tsiku lomwelo. Ndikudziwa kuti ambiri a ife tinazolowera kupereka mankhwala n'kunena kuti mubwere chotupa chikaphwa. Ine ndimachita zimenezo pokhapokha ngati munthu sakutha kuyasamula kapena dzanzi lakana, chifukwa gwero la mafinya ndi dzinolo, ndipo munthu wolipira kabaza makilomita 30 sabwera kawiri. Ululu ukachepa amakhala kwawo mpaka chotupa chidzabwerenso chachikulu. Jakisoni wa lignocaine 2% wokhala ndi adrenaline anagwira pa katiriji yachiwiri, dzino linatuluka lonse, mafinya n'kutsatira. Ndinampatsa amoxicillin 500 mg katatu patsiku kwa masiku asanu chifukwa cha kutentha thupi ndi kutupa kwa tsaya, ibuprofen 400 mg ndi paracetamol, ndi malangizo a madzi a mchere kuyambira mawa lake.

Za 36 sindidandaula. Dzino limeneli limamera mwana ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, makolo n'kumaliyesa la mkaka loti lidzaguluka, ndipo lake linali litapitirira poti n'kulipulumutsa. Chimene chimandichititsa manyazi ndi ichi: kukamwa kuli chiyasamulire ndinaona dzino lakutsogolo lakuda, linzake lili ndi bowo, zokanirira kuseri kwa mano a m'munsi, nkhama zofiira, ndipo ndinamva fungo la mafinya losakanikirana ndi la switi ya minti. M'kabuku kake kakuchipatala ndinalembamo mzere umodzi wokha, wa 36. Ndikusamba m'manja, nditamufulatira, ndinati, "Mudzabwerenso tidzaone enawo." Zonse zinatenga mphindi 12.

Atabweranso

Panapita masabata asanu. Anabwera Lachinayi masana benchi itatha, tsaya litaphwa kalekale, koma masiki ili pomwepo.

"Adokotala, ndabwera kuti mundizule awa akutsogolowa. Onse awiri."

"Akupweteka, aphunzitsi?"

"Ayi."

"Nanga tiwazulirenji?"

Anakhala chete nthawi ndithu. Kenako anati, "Bola gweru. Gweru anthu amangoti unagwa. Koma dzino lakuda lonunkha amati ndiwe wauve."

Ndinene zoona, likanakhala Lolemba mwina ndikanazula. Mwini wake wapempha, ndalama sizikufunika, mphindi khumi basi. Chinamupulumutsa si nzeru zanga ayi, koma kuti panja panalibe munthu wina wodikira. Ndinavula magolovesi, n'kukoka kampando, n'kumufunsa kuti dzinolo linayamba bwanji.

Ali ndi zaka 12 mkono wa mjigo unamumenya pakamwa akutunga madzi. Kansonga ka dzino kanabenthuka, magazi anatuluka, linapweteka sabata imodzi n'kusiya. Popeza silinaguluke, palibe anaganiza zopita naye kuchipatala. Ali Fomu 2 linayamba kuda. Ali Fomu 4 pankhama pamwamba pake panatuluka kachiphuphu kamene kankaphulika, kutulutsa timadzi towawa mchere, kuphwa, n'kubweranso pakapita masabata. Atafika ku koleji, mnzake wogona naye chipinda chimodzi anamuuza mwaulemu kuti m'kamwa mwake mukutuluka fungo. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuyenda ndi maswiti a minti m'thumba, 10 mpaka 15 patsiku, ina ikatha ina. Mano akutsogolo anasiya kuwatsuka chifukwa mswachi ukangokhudza nkhama zinkatuluka magazi, ndiye ankaganiza kuti akudzivulaza. Za masiki anandiuza mawu amene sindinawaiwale: "Covid ija ine inandithandiza." Anzake atavula, iye ankati fumbi la choko limamuyambitsa chifuwa.

Pa TP anamupatsa Sitandade 1, ana oposa 100, teremu yoyamba, nthawi yophunzitsa maliwu a malembo. Amene munaonerapo phunziro limeneli mukudziwa kuti mwana samangomva liwu, amayenera kuona pakamwa pa mphunzitsi. Liwu la f ndi la v limatuluka mlomo wa m'munsi ukakhudza mano akutsogolo a m'mwamba, ndipo mphunzitsi amachita kukokomeza kuti ana aone. Iye ankaphunzitsa zimenezi atatseka pakamwa. Ana a kumbuyo sankamva n'komwe. Mphunzitsi amene ankamulangiza anamuuza kuti avule masikiyo. Anavula tsiku limodzi, kamwana kena ka kutsogolo n'kufuula kuti, "Madamu, dzino lanu lapsa!" kalasi yonse n'kuseka. Atatero anajomba masiku asanu ndi limodzi m'masabata atatu, anapempha mphunzitsi wamkulu kuti amusinthire kalasi ya ana okulirapo koma sizinatheke, ndipo aphunzitsi a ku koleji anali kubwera kudzamuyesa m'masabata atatu otsatira. Maganizo osiya koleji anali atayamba.

Zina zinatuluka pang'onopang'ono. Kwaya ya kutchalitchi anasiya, chikhalirecho ankaimba kuyambira ali wamng'ono. Ankadya yekha. Mnyamata amene anali naye pachibwenzi, mtsikanayu ndi amene anamusiya, mnyamatayo asananene chilichonse, poopa kuti tsiku lina adzanena. Ndipo mumtima ankakhulupirira kuti fungolo likuchokera m'mimba, kuti mwina ali ndi matenda aakulu. HIV anali atayezetsa kawiri, ulendo uliwonse alibe, komabe sankakhulupirira.

Kuti ndikhale ndi poyambira, ndinamufunsa mafunso a OHIP-14, oyezera mmene vuto la m'kamwa likusokonezera moyo wa munthu, aja 14 amene anafupikitsidwa mu 1997 kuchokera ku mafunso 49. Funso lililonse limayankhidwa kuyambira 0, kutanthauza kuti sizichitika, mpaka 4, kutanthauza kuti zimachitika kawirikawiri kwambiri, ndipo zonse pamodzi zimafika 56. Ndinkawamasulira ndekha pakamwa, choncho nambala yake ndi yongoyerekezera iye ndi iye mwini pakapita nthawi, si ya kafukufuku. Anapeza 37. Chondidabwitsa sichinali 37 koma kumene inachokera. Mafunso awiri a ululu anapereka 3 yokha mwa 8. A kudzikayikira ndi kumangika mumtima anapereka 8 mwa 8, a manyazi ndi kusowa mpumulo 7, a kukwiya msanga ndi kulephera ntchito 7, a kusakoma kwa moyo 6. Otsala 6 anali a kalankhulidwe ndi kadyedwe. Tsono munthu amene kwa ine anali atachira, popeza ululu ndinali nditauchotsa, ndi amene anali pafupi kutaya ntchito asanaiyambe.

Zimene ndinapeza ndi zimene tinagwirizana

Ulendo uno ndinayeza kukamwa konse, dzino ndi dzino. Bala la 36 linali litapola. Dzino 21, lakutsogolo m'mwamba lakuda lija, linali lotuwa moderako, lobenthuka pakona, losagwedera, losamva kuzizira, ndipo pankhama pamwamba pa muzu wake panali kabowo kotuluka mafinya ndikakanikiza. Dzino 11, linzake lakutsogolo lija, linali ndi bowo lakuda m'mbali moyang'anizana ndi 21, koma linkamva kuzizira n'kusiya msanga, kusonyeza kuti mtsempha wake ukadali wamoyo. Pa 46 ndi 47, mano otafunira a m'munsi kumanja, panali mabowo a pamwamba osafika pamtsempha. Zokanirira zinali zambiri kuseri kwa mano akutsogolo a m'munsi ndi kumanzere konse, mbali imene anasiya kutafunira. Nkhama zinkatuluka magazi pafupifupi paliponse, koma panalibe pamene probe, kachitsulo koyezera nkhama, inalowa kupitirira mamilimita atatu. Lilime linali ndi zoyera kumbuyo. Shuga wa m'magazi anali bwino.

Ndinayamba ndi fungo, chifukwa ndi limene linkamuopsa. Ndinamupatsa kalilole n'kumuonetsa malo anayi kumene linkachokera: kabowo ka mafinya, mabowo a mano momwe zakudya zinkatsalira, zokanirira, ndi kumbuyo kwa lilime. Ndinamuuza kuti fungo la m'kamwa nthawi zambiri limabadwira m'kamwa momwemo, mabakiteriya akamaphwanya zotsalira n'kutulutsa mpweya wa sulphur, osati m'mimba. Kenako tinawerengera limodzi za maswiti. Shuga akalowa m'kamwa, mabakiteriya amapanga asidi, ndipo pH, muyeso wa asidi, ikatsika kufika cha pa 5.5 chikopa cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka. Malovu amatenga theka la ola kapena kuposerapo kuti abweze zinthu m'malo. Switi imodzi kuimwa mphindi khumi, kuonjeza theka la ola lija, ndi mphindi 40. Maswiti 12 ndi maola asanu ndi atatu mano ali mu asidi tsiku lililonse. Chimene ankabisira fungo ndi chimene chinkaboola mano, mabowowo n'kumaonjezera fungo lomwelo. Anayang'ana pepala lomwe ndinalembapo masamuwo n'kutulutsa maswiti m'thumba, kuwaika patebulo panga. Ndinawawerenga atapita, analipo asanu ndi anayi.

Pa 21 ndinakana kuzula, ndipo zifukwa ndinamuuza zonse. Dzino lakutsogolo likachoka, fupa limene linkaligwira limaphwa, makamaka m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo silibwerera. Mano oikirira amafuna ndalama, amathyoka, amafuna kusinthidwa, ndipo munthu wa zaka 22 angakhale nawo zaka 50. Maliwu omwe ankavutika kuphunzitsa aja akanamuvuta koposa ndi mpata pakamwa. Kumbali ina, dzinoli linali ndi zonse zoti lipulumuke: muzu umodzi wowongoka, mutu wake wotsala pafupifupi wonse, losagwedera. Komanso ngozi inachitika ali ndi zaka 12, pamene muzu wa dzino limeneli umakhala utamaliza kukula cha pa zaka 10, ndiye ndinkayembekeza kuti nsonga ya muzu inali itatsekeka, zimene zimapeputsa root canal, ntchito yotsuka mkati mwa muzu wa dzino n'kutsekamo. Kudako ndinamufotokozera kuti si kuola, koma magazi a tsiku la mjigo lija amene analowerera m'dzino mtsempha utafa.

Root canal pachipatala pathu sitichita. X-ray ya mano tilibe, rubber dam (kalabala kotchingira dzino ku malovu) tilibe, ndipo si ntchito yoti munthu aziichita mongoyerekeza. Ma dentist m'dziko muno ndi ochepa, maphunziro awo anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ife ophunzira ku Malawi College of Health Sciences ndi amene tasenza maboma. Ndinajambula dzinolo pafoni iye atalola, n'kutumizira dentist wa kuchipatala chachikulu kumene timatumizako odwala. Tinagwirizana ziwiri. Choyamba, ndisalitsegule, popeza mafinya anali ndi potulukira ndipo ululu panalibe. Kulitsegula osatha kulimaliza n'kungolowetsamo tizilombo tina. Chachiwiri, ndisapereke amoxicillin, chifukwa mankhwala akumwa safika mkati mwa dzino lakufa, ndipo iye anali atamwa kale katatu m'miyezi yochepa.

Pamene ndinasiyana ndi mnzanga wa muofesi ndi pa ndondomeko. Tinaphunzitsidwa kuti uyambe ndi ululu, kenako ukhondo ndi nkhama, kenako mano otafunira, za maonekedwe kumapeto. Mnzangayo ankati ndimate kaye 46 ndi 47, popeza 36 atachoka ndiwo atsala kugwira ntchito, ndipo glass ionomer, womatira mano, amene tinali naye anali wochepa. Mfundo yake inali yomveka. Koma ine ndinachotsa zokanirira ndi zipangizo zamanja tsiku lomwelo, makina athu ochotsera zokanirirazo anali atafa, n'kumata 11 nthawi yomweyo. Mabowo a kumbuyowo akanatha kudikira masabata awiri osafika pamtsempha. Aphunzitsi a ku koleji sakanadikira. Ndinkaonanso kuti mtsikanayu akachoka pakamwa pakuoneka chimodzimodzi, sadzakhulupirira china chilichonse chimene ndamuuza, ndipo adzapeza wina womuzula. Glass ionomer safanana bwino ndi mtundu wa dzino, amaoneka ngati choko, koma choko ndi bowo lakuda n'zosiyana kutali. Ndinasalazanso pakona pobenthuka pa 21.

Malangizo anali ochepa dala: kutsuka kawiri patsiku ndi mankhwala a fluoride, makamaka pogona, kulavula osachukucha ndi madzi, kutsuka pomwe pakutuluka magazipo osapathawa, kupala lilime, ndi botolo la madzi m'kalasi m'malo mwa maswiti. Ndinamuchenjeza kuti magazi apitirira kwa sabata kapena awiri asanasiye, chifukwa ndikapanda kunena zimenezi odwala amasiya pa tsiku lachitatu.

Chomaliza tsiku limenelo, ndinamufunsa mosazungulira ngati anaganizapo zodzipha. Anati ayi, koma masiku ena safuna kudzuka. Ndinapita naye ndekha kwa namwino wa matenda a maganizo, osangomulembera kapepala. Pa PHQ-9, mafunso oyezera matenda okhumudwa, anapeza 11. Namwinoyo sanamupatse mankhwala, anacheza naye maulendo awiri. Ndinazengereza ndisanachite zimenezi, poganiza kuti si mbali yanga. Koma munthu wandiuza kuti wasiya kwaya, chibwenzi ndi kudya ndi anzake, ndikanati mbali ya yani?

Atabwera patatha masabata awiri kudzamata 46 ndi 47, magazi anali atachepa kwambiri, lilime loyera bwino, fungo latsala pang'ono la pa kabowo ka mafinya. Masiki inali m'manja, osati pakamwa. Tsiku loyesedwa anaphunzitsa liwu la v atavula, ndipo anakhoza. Anandiuza kuti asanayambe anauza anawo yekha kuti dzino lake linamenyedwa ndi mjigo, choncho asamasewere pamjigo. Ana sanasekenso, m'malo mwake aliyense ankafuna kufotokoza za m'bale wake amene anamenyedwapo. Nzeru imeneyi inali ya namwino uja, si yanga.

Pamene zinatsala pang'ono kuwonongeka

Tsiku limene anapatsidwa kuchipatala chachikulu sanapite. Ine sindinadziwe, chifukwa nditalemba kalata yomutumiza ndinaona ngati mbali yanga yatha. Uku kunali kulakwa kwanga kwachiwiri. Chakumapeto kwa Disembala anabwera mlomo wa m'mwamba utatupa mpaka m'munsi mwa mphuno, dzino likupweteka koopsa. Kabowo kaja kanali katatsekeka, mafinya n'kusowa potulukira.

Chinamulepheretsa chinali ndalama ya ulendo. Root canal inkafuna kupita maulendo awiri kapena atatu, ndipo womulipirira zonse za sukulu anali amalume ake. Amalumewo anamuuza kuti kuzula n'kwaulere ndipo n'kwapafupi, zosunga dzino lakufa n'za anthu a m'tauni. Mayi ake nawonso ankati m'dzinomo muli mbozi, ndipo mbozi sichoka dzino lisanachoke. Iye sanathe kutsutsana nawo, ndiye anangokhala.

Ndinaimbira dentist uja, ndipo ulendo uno anati nditsegule. Ndinaboola kuseri kwa dzino, mafinya anatuluka okha, ndinatsuka mobwerezabwereza ndi saline mpaka kuyera, ndinaika mankhwala ophera tizilombo a calcium hydroxide n'kutseka ndi glass ionomer. Sindinalisiye lotsegula. Popeza kutupa kunali kukwera chakumphuno ndipo thupi linali 38.2, ndinapereka amoxicillin ndi metronidazole 400 mg katatu patsiku kwa masiku asanu, n'kumuonanso patatha masiku awiri. Kutupa kwa mlomo wa m'mwamba ndi m'mbali mwa mphuno sindikutenga mopepuka, chifukwa mitsempha ya magazi ya pamenepo imalumikizana ndi ya mkati mwa mutu.

Kenako ndinachita chimene ndinayenera kuchita mu Novembala. Iye atalola, ndinalankhula ndi amalume ake pafoni. Sindinatsutsane nawo za mbozi kapena za anthu a m'tauni. Ndinangowafunsa kuti, "Bambo, mwalipira zingati kuti mwanayu afike pamene wafikapa?" Anaseka, n'kunena kuti asawerenge. Ndinawauza kuti ntchito ya mwana wawo ili pakamwa, ndipo dzino likachoka adzafunikabe ulendo womwewo kukapangitsa loikirira, osati kamodzi. Anafunsa funso labwino, lakuti ndikutsimikiza kuti dzinolo lichira? Ndinati ayi, sindingalonjeze, koma mano otere ambiri amachira, ndipo likakanika kuzula kudzakhalapobe, pamene lozulidwa silibwezeredwa. Anatumiza ndalama sabata yomweyo.

X-ray inaonetsa mthunzi wakuda pansonga ya muzu, waukulu ngati njere ya nandolo, muzu wosathyoka, nsonga yotsekeka monga ndinkayembekezera. Root canal inatha m'maulendo awiri mu Januwale. Pa ulendo wachiwiri dentist anachotsa glass ionomer wanga pa 11 n'kuika composite, womatira wofanana ndi mtundu wa dzino, anamanganso pakona pa 21 n'kupaka composite kumaso kwake kuti kuda kubisike. Mankhwala oyeretsa dzino kuchokera mkati panalibe. Dzinolo linatsala loderako pang'ono poliyerekeza ndi linzake, zoti munthu angaone ali pafupi masana.

Zimene zinatsatira

Mu Epulo anabwera pa tchuthi. Kabowo ka pankhama kanali katapola, dzino losapweteka ndikaligogoda, nkhama zikutuluka magazi malo awiri okha, fungo palibe. OHIP-14 inatsika kufika pa 11, PHQ-9 pa 4. Kwaya anali atabwerera.

Mu Ogasiti ndinapeza kadontho koyera ngati choko m'khosi mwa 22 ndi kena pa 12, mano oyandikana ndi akutsogolo awiri aja, kuola kongoyamba kumene kusanaboole. Anavomera kuti nthawi ya mayeso anabwerera ku maswiti, ulendo uno osati chifukwa cha fungo koma kuti asagone powerenga, pamodzi ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga usiku. Apa ndinaona kuti mu Novembala ndinachotsa chifukwa chimene ankadyera maswiti, koma chizolowezicho chinali chitapeza chifukwa china. Sindinaboole kalikonse. Fluoride varnish, wopaka pamano kuti alimbe, tinalibe, ndiye ndinamuuza kuti akatsuka pogona azipaka pang'ono mankhwala otsukira mano ndi chala pamadonthowo n'kugona osachukucha, ndipo tiyi wa shuga azimwa pa nthawi ya chakudya. Glass ionomer wa pa 47 anali atabenthuka, ndinamuikanso.

Kuchokera pa nkhaniyi ndinayamba kufunsa funso limodzi kwa wachinyamata aliyense wokhala pampando wanga, ngakhale Lolemba: "Pali chimene munasiya kuchita chifukwa cha mano anuwa?" Mafunso 14 pabenchi ya anthu 40 sangatheke, koma ili limatenga masekondi ochepa. Ambiri amati palibe. Ena amatchula kutafuna chimanga chokazinga kapena nzimbe. Koma mwa apo ndi apo wina amakhala chete ngati mmene anachitira mphunzitsi uja, ndipo oterowo ndimawalembera tsiku la Lachinayi masana. Mnzanga uja amati ndikudzipalira ntchito imene tilibe zipangizo zake, kuti kufunsa munthu za vuto lomwe sungalithetse n'kumupweteka kawiri. Sindinganene kuti akulakwitsa kotheratu. Miyezi ina glass ionomer amatheratu, ngakhale kuti bungwe la WHO linamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021 ndipo dziko lathu lili ndi ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa kuyambira 2022. Koma kwa mtsikanayu zimene zinatsitsa kwambiri nambala ija zinali kalilole, pepala la masamu, zipangizo zamanja zochotsera zokanirira ndi foni, ndipo zonsezi tinali nazo kale pa ulendo woyamba. Chinanso chimene ndinasintha: aliyense amene ndamutumiza kuchipatala chachikulu ndimalemba nambala yake m'kope langa, ndimamufunsa kuti alipire ulendo ndani, ndipo tsiku lake likadutsa ndimaimba.

Komaliza ndinamuona mu Disembala 2024. Koleji anali atamaliza, akuphunzitsa mongogwirizira pasukulu ina yoyendetsedwa ndi munthu wamba kwinaku akudikira kulembedwa ntchito ndi boma. OHIP-14 inali 8, ndipo 3 mwa 8 ameneyo anali a funso la manyazi. Madontho oyera aja anali osakula, ouma, osalala. M'mphepete mwa composite wa pa 21 munayamba kuderako, zimene zidzafune kukonzedwa m'tsogolo. Mpata wa 36 ulipobe, 37, dzino la kumbuyo kwa mpatawo, wayamba kupendekera kutsogolo, ndipo za kuikapo dzino sitinayambe n'kukamba komwe, popeza ndalama yake palibe. X-ray yoonera ngati fupa la pansonga ya muzu labwerera inayenera kujambulidwa mu Januwale 2025. Ndinamuimbira kawiri. Ulendo woyamba anati akudikira malipiro, wachiwiri anati dzino silikupweteka ndipo apita akapeza mpata. Mpaka pano sinajambulidwe.